Matabwa a Munthu Wapakati

Lolemba

Kwacha kozizira. Dzuwa kulibe, monga dzulo. Mwana wanga Esinati wapita kuntchito kuchipatala, m'nyumba tatsala awiri, ine ndi mdzukulu wanga Tadala. Tatsala awiri, koma wolankhula ndi firiji.

Lamulungu likubwerali Tadala akuchoka. Sukulu yake ya ku Greenwich wamaliza, ndiye wapeza ganyu kumapiri a ku France, m'nyumba yogona alendo. Akuti m'mawa aziyala mabedi, masana azitsetsereka paphiri, pa chipale chofewa, chija chimagwa nthawi yachisanu n'kuyeretsa pansi mbee. Kubwera akuti mpaka kutenthe. Kuno kumatentha liti?

Potsetserekapo amaponda matabwa awiri aatali, lina phazi ili, lina phazi ilo. Iwo amati masikii. Si zachilendo kwenikweni. Ife ku Dedza tili ana tinkakhalira khungwa la mtengo n'kutsetsereka pa udzu wouma mpaka kumtsinje, koma tinasiya titamera mawere. Kuno amapitiriza mpaka imvi.

Chaka ndi chaka Tadala amachita hayala matabwa a eni, monga munthu wobwereka khasu. Ndiye ndaganiza: ndimugulire akeake. Azikaponda chinthu chimene ndasankha ine.

Mwana uyu ndi amene anandibweretsa m'dziko muno, ali khanda, kuti amake azitha kugwira ntchito. Ndinamubereka, ndinamusambitsa, ndinamuperekeza kusukulu m'mvula. Ali wamng'ono ndinkamutcha mkazi mnzanga, monga timachitira ndi adzukulu, iye n'kumaseka mpaka kugwa. Lero akadutsa amangoti, "Hayi, Gogo," ndi kadzanja. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chizungu basi. Ine Chizungu changa n'cha m'basi: thenkyu, sole, ekisikyuzi.

Zochita sabata ino:
- kufunsa mwini wake mtundu wa matabwa, mosaonetsera
- kupeza sitolo
- kugula
- kubisa kuseri kwa wadirobu mpaka Loweruka

Zinayi zokha. Munthu woti anakwatitsapo mwana angalephere zimenezi?

Masana. Ndilembe pang'onopang'ono.

Ndamupeza Tadala kukhitchini akudya buledi choimirira. Ndati, kodi matabwa ako aja alipo amitundumitundu, iwe umaponda ati? Wandiyang'ana, wamwetulira. Watenga foni, wadinadina. Kenaka wakhosomola pang'ono, nati:

"Agogo, ine ndine wapakati."

M'Chichewa! Mawu athunthu, mutu ndi mchira womwe! Ndiye wawonjezera, akuwerenga pafoni paja, "Ndimakonda chipale chofewa." Wandiyang'ana ngati mwana wosonyeza dzino limene languluka kumene, kudikira kuti nditi chiyani.

Ndakhala pampando. Ndati, amako akudziwa? Wapukusa mutu, waseka. Ndati, nanga Kalamu? Kalamu ndi mnyamata wachizungu wamtali uja amabwera kudzamutenga, wovula nsapato pakhomo. Wafunafuna mawu padenga, wawapeza: "Kalamu anandiphunzitsa."

Anakuphunzitsadi, mwanawe.

Kwathu mtsikana akaima sayamba kuuza amake. Amayamba kwa agogo. Ndani wamuuza zimenezi mwana wobadwira ku Lewisham? Magazi! Ndipo nkhani yotere sitiimbira ng'oma. Umatseka pakamwa mpaka mimba inene yokha.

Chachisanu pa zochita: kukhala chete.

Lachiwiri

Ndadzuka ndi nyimbo pakamwa. N'koyamba chimwalirire bambo ake a Esinati.

Zimene ndachita m'mawa uno:
- mazira onse ndachotsa mufiriji, ali m'chikwama changa cha kutchalitchi. Wapakati sadya mazira, mwana angabadwe wopanda tsitsi.
- botolo la tsabola lili pansi pa bedi langa
- Tadala ndamuchotsa pachitseko. Amakonda kuima pamenepo akulankhula pafoni, mwendo kunja mwendo m'kati. Sadziwa kuti tsiku lakelo mwana nayenso adzaima pakhomo, osatuluka. Ndangomukoka mkono. Akuti, "Gogo!" Wabwereranso. Ndamukokanso.

Pafoni akucheza ndi Kalamu. Ndatchera khutu, ndikunamizira kupukuta tebulo loyera kale. Mawu awiri ndawagwira: pauda, ndi weyisiti. Pauda ndikumudziwa, ndinamuthira m'khosi ndi kumatako mwana yemweyu. Akuti pauda, pauda, maso akuwala. Weyisiti ndafunsa Esinati atabwera, mozungulira, ngati ndazimva pa wailesi. Akuti ndi chiuno. Ndipo ponena weyisiti paja Tadala amatambasula zala, kusonyeza kuti akufuna chikule. Chidzakula chokha, usafulumire.

Esinati akufuna dzira. Wafufuza firiji yonse, wafufuza ndi m'kabati. Wandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Amayi, mankhwala anu mwamwa lero?" Chipongwecho ndachimeza. Adzapepesa yekha tsiku lina, mdzukulu ali pamiyendo.

Ndatsegula sutikesi. Pansi penipeni pali chitenje changa chobiriwira chojambula nkhanga. Ndinaberekera Esinati, ndinaberekera Tadala. Chasuluka, nkhanga zina sizikuonekanso mitu, koma sichinang'ambike. Ndachichapa pamanja, makina a kuno angachidye. Ndachiyanika pa hita, chitsulo chija chofunditsa m'nyumba. Msana wanga wachizindikira, wayamba kufunda wokha.

M'nyumba muno ntchito yanga inatha kalekale. Kuchapa ndi makina, mbale ndi makina, kusesa ndi makina. Ine ndimakhala pawindo kuwerenga mabasi ndi kukalipira nkhunda. Tsopano ntchito ikubwera!

Mwana akubwerayu ndidzayamba naye molawirira. Asanamve Chizungu adzamva ine. Madzi adzati madzi. Akagwa adzati mayo.

Koma phiri lija? Munthu wapakati paphiri, pamatabwa? Kumuletsa sindingathe, ana a kuno saletsedwa, amangokuyang'ana ngati wawaponda. Ndipo ndikamuletsa atseka pakamwa pamene pangotseguka dzulo. Bola ndimusankhire ine matabwa ofatsa, oyenda ngati ng'ombe yokalamba pobwerera kukhola.

Lachitatu

Ndekha kusitolo sindingafike. Ndaimbira Amake Chanda, mayi wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu, amene amasamalira nkhalamba ku Croydon. Lero ali pa ofu. Wabwera ndi ambulera yake yothyoka.

Takwera sitima yopanda dalaivala. Zaka zonsezi sindinaizolowere. Ndakhala kumbuyo kwenikweni, kuti ikagunda ndikhale womaliza kumva.

M'sitimamo akufunsa, akufunsa. "Manje ambuya, mapulanga mufuna ya chani imwe?" Ndagwira pakamwa mpaka tawoloka mtsinje. Kenaka ndamuuza, pakuti womasulira ayenera kudziwa chimene akumasulira. Wagwira pamtima, walumbira. "Ambuya, ine sinikambakamba. Pakamwa panga ni pamanda."

Sitolo! Ndimayesa ndikapeza matabwa awiri kapena atatu n'kuloza. Ali ndandanda khoma lonse ngati mpanda, ofiira, achikasu, ena ojambula zimbalangondo. Wogulitsa ndi mnyamata wa chipini pamphuno, monga amayi achiyao akale, koma waulemu ndithu. Wandipatsa mpando. Iye akunena, Amake Chanda akumasulira, ine ndikusunga m'mutu. Ndilembe ndisanaiwale:

- ukaliimika thabwa, lifike pakati pa chibwano ndi pamwamba pa mutu wa mwini wake. Lalifupi limakhota msanga, lalitali limathamanga.
- kutsogolo lipindikire m'mwamba, kuti lisazike mphuno pansi
- lisakhale louma gwa. Louma n'la akatswiri, limakana kupindika, limataya munthu.
- la chipale chofewa likhale lotambalala pakati, poponda phazi. Pamenepo akuti ndi pachiuno.

Thabwa lili ndi chiuno! Ndiye kuti chiuno cha thabwa chizitsatana ndi cha mwini wake. Nzeru zilipo kuno. Zotambalalazo ndazimva bwino. M'dambo ng'ombe imatitimira, bakha amangoyenda.

Chandizunguza ndi chipale. M'Baibulo timawerenga chipale chofewa, dzina lake ndi lomwelo, lonse pamodzi. Mnyamatayu akuti chilipo chofewa, chiliponso cholimba. Ndiye Tadala akufuna chipale chofewa chofewa? Nanga chinacho ndi chipale chofewa cholimba? Amake Chanda akuti, "Ambuya, lekani, muzanidwalisa mutu."

Nayenso mnyamatayu akunena pauda. Kodi zikuonekera pankhope panga?

Kenaka wafunsa kuti wotsetserekayo ndi wodziwa motani, woyamba kumene kapena katswiri. Ndati izo sindidziwa, koma muuzeni chachikulu, kuti ndi wapakati. Amake Chanda wamuuza, nasonyeza ndi manja pamimba pake, mokuza kwambiri. Nkhope ya mnyamata yasintha. Wabweza thabwa kukhoma pang'onopang'ono, monga wobweza mwana wa eni amene wayamba kulira. Akuti kongirachuleshoni. Akuti koma afunse kaye dokotala. Akuti iye sangasankhe. Waitana mkulu wake, mayi wa tsitsi lalifupi. Nayenso dokotala.

Ndati auzeni kuti amayi anga anakwera phiri la kwathu ndi mtolo wa nkhuni, mawa lake n'kubala ine. Amake Chanda sanamasulire.

Mtengo ndauona pakapepala. Sindiulemba, ndingadetse buku.

Tabwera chimanjamanja. Amake Chanda wagula masokosi.

Lachinayi

Ngakhale akanandigulitsa, utali wa Tadala sindikuudziwa. Ndimadziwa kulemera kwake ali khanda, kumsana kuno. Za lero ayi.

Wagona pasofa m'mawa uno, foni ili pachifuwa. Ndatenga chingwe chomangira katani kuti ndimuyeze, kuyambira kuphazi mpaka pachibwano. Ndasendera, ndatambasula chingwe. Manja aima okha.

Kwathu munthu wogona amene timamuyeza ndi uja akukamukumbira. Amatenga bango, amayeza, amapita nalo kumanda. Bambo ake a Esinati anawayeza choncho ine ndili kuno, ndikudikira mwana yemweyu pageti pa sukulu. Ndinafika ataika kale. Ndinangoona dothi.

Ndataya chingwe. Ndalavulira kumbali. Ndayeza jekete lake lopachika kuchitseko m'malo mwake. Jekete lilibe chibwano.

Masana ndatuluka kuti mutu uzizire. Ndalowa kwa kaunjika wa kuno, kasitolo kaja ka pamsewu waukulu kogulitsa zosiya anthu. Ndimangofuna kuona tizovala ta ana, kuona chabe. Ndipo taonani! Pakona, kuseri kwa maambulera, matabwa awiri!

Afupi bwino, akundifika m'chiuno. Ofiira, ojambula kambalame konenepa kovala chipewa. Mphuno yopindikira m'mwamba ilipo. Ndawapinda pabondo, akuvomera. Wa chipini uja anati lalitali ndilo lithamanga. Awa ndiye sangathamange n'komwe. Ndipo munthu akagwa, agwera pafupi.

Za dokotala sanafunse. Mayi wogulitsa wangoti, "Fo yo girandichaudi?" Ndati yesi. Sindinaname.

M'basi ndakola nawo chipewa cha bambo wina, ndagogoda bondo la mtsikana wina, potsika apingasa pachitseko. Sole, sole, ekisikyuzi, thenkyu. Chizungu changa chonse chathera ulendo umodzi.

Ali kuseri kwa wadirobu. Zinayi zija zatheka zonse, Lachinayi lokhalokha!

Chavuta n'chachisanu. Foni yalira ndisanavule n'komwe jekete. Mayi wina wa m'kwaya: "Agogo, tamva! Mulungu ndi wabwino!" Ndisanayankhe yaliranso, mkazi wa mkulu wa mpingo, akufunsa ngati ukwati uyambe kapena ubatizo. Yaliranso, mayi wa ku Manchester amene sindimudziwa n'komwe, akuti tinakumana pamaliro.

Manda a Amake Chanda ndi osakwirira.

Koma wolakwa ndani? Ndinasiya mlomo m'sitima, wanditsata mpaka kunyumba.

Lachisanu

Mvula yowaza, yosanyowetsa munda, yonyowetsa munthu. Esinati ali pa shifiti yaitali, ndipo kuntchito foni yake imakhala m'loka, m'kakabati kokiya. Mulungu aisunge momwemo.

Zafika pakhomo lero:
- thumba la zovala za khanda, kuchokera kwa amayi a kutchalitchi, zachinyamata ndi zachitsikana zomwe, pakuti sakudziwa
- bafa la pulasitiki
- pauda, wochokera kwa Amake Chanda. Ndiko kupepesa kwake.
- chibokosi chachitali chopyapyala, dzina la Tadala lili pamwamba

Zitatu zoyambazo ndakankhira pansi pa bedi, kwa tsabola. Bafa likusuzumira, ndaliphimba ndi bulangete.

Chibokosi ndachigwedeza. Mukulira matabwa. Ndi bedi la mwana, ndithu, lomanga wekha. Kuno chilichonse chimabwera chophwasula. Mtima wanga wakhala pansi. Ngati wagula bedi n'kulembetsa nyumba ino, ndiye kuti adzachirira kuno, osati kumapiri.

Malo ndawapeza kale, kuchipinda kwanga, pakati pa bedi langa ndi hita. Amake azigona mokwanira, usiku ndi wanga, tulo ndinasiya kale. Ndasuntha mpando ndekha. Msana ukudandaula, ndauuza kuti uzolowere.

Maina ndayamba kuganiza. Akakhala mwamuna, dzina la malemu bambo ake a Esinati lili pansi, palibe walitola. Akakhala mkazi, kaya. Vuto ndi Kalamu. Ndinamuphunzitsa zikomo chaka chatha, mpaka lero amati zikomu.

Tadala wabwera kuchokera kogula magolovesi, akununkha mazira okazinga a kumalo odyera. Ntchito yanga yonse! Mwana akadzabadwa ndi mpala, ine ndinayesetsa.

Koma imvani. Wavula nsapato, waima pamaso panga, nati, "Agogo, mwaswera bwanji?"

Chiyambire Lolemba akuyesa. Dzana anati madzi. Dzulo anati ndatopa. Lero zonsezi! Ndayankha pang'onopang'ono, osakweza mawu, osamuyang'anitsitsa, monga umachitira mbalame ikatera pafupi. Ndati ndaswera bwino, kaya iwe mkazi mnzanga. Waseka kuseka kwake kwakale kuja. Akukumbukira!

Waona chitenje pa hita. Wachigwira, wachinunkhiza. Waloza kumsana kwanga, wadziloza yekha. "Ine?" Ndati eya, iwe. Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndi winanso. Ndaluma lilime.

Chibokosi wachiona, walumpha ndi chimwemwe. Ndamugwira. Kulumphanso ayi.

Loweruka

Sindikufuna kulemba. Ndilemba, kuti zichoke pamtima.

Esinati watsegula foni m'mawa. Ndangomva kuchipinda kwake, "Chiyani?" Watuluka duku lili pambali, waitana Tadala ndi maina ake onse. Akalipirana m'Chizungu, chothamanga, ine ndikungotola mawu oti Gogo, Gogo.

Ndaimirira pakati pawo. Ndati, Esinati, usamukalipire mwana. Anandiuza ine, monga mwa mwambo, ndipo zonse ndakonza. Ndalowa kuchipinda, ndatulutsa: zovala, bafa, pauda, matabwa anga ofiira. Tsabola watulukira limodzi.



Esinati wayang'ana zonsezo, wayang'ana ine. Nati, "Tada, unawauza chiyani agogo? Nena momwe unanenera."

Tadala wanena, mawu omwe aja, bwinobwino, osaphonya. "Ndine wapakati."

Zayambira m'mapewa. Kenaka Esinati wakhala pansi pakapeti, akuseka, misozi chuchuchu, akumenya pansi ndi dzanja. "Amayi! Akunena za kutsetsereka! Si woyamba kumene, si katswiri, ali pakatikati! Foni yamunamiza! Pauda ndi chipale chija chikakhala ngati ufa! Mayo ine, mazira anga!"

Mimba palibe. Sipanakhalepo.

Chibokosi chija Tadala wachitsegula. Si bedi. Ndi matabwa ake, anagula kale pafoni ndi ndalama zake. Aatali kufika pamphumi pake, otambalala pachiuno, mphuno yopindikira m'mwamba, monga ananenera wa chipini. Wasankha bwino, popanda ine. Anga ofiira akuti ndi a mwana wa kunasale.

Kusekedwa ine sindidandaula, nkhalamba n'cha chiyani. Koma ndinaona nkhope ya Tadala pamene amake amamumasulira zonse, akuseka, akubwereza mawu ake aja ndi kamvekedwe kake komwe. Mwana wagwetsa nkhope. Maso adzaza. Wanena mawu ochepa m'Chizungu, walowa kuchipinda, watseka.

Ndafunsa kuti wati chiyani. Esinati kuseka kwatha. "Akuti n'chifukwa chake salankhula."

Masana Tadala watuluka, wabwera kudzandikumbatira. Wanena zambiri, zabwino ndikuganiza, akusisita kambalame ka pamatabwa ofiira. Zonse m'Chizungu. Ndati, wadya? Wati, "Yesi, Gogo." Ndati, ukufuna madzi? Wati, "No, thenkisi."

Mbalame yauluka.

Esinati akuimbira amayi a kutchalitchi mmodzimmodzi. Ena akuti pepani, poyesa kuti yapita padera. Iye akuti ayi, ayi, kunalibe chilichonse. Ine pepaniyo ndamulandira chamumtima. Palibe amene wamwalira, ndikudziwa. Koma dzina ndinali nditamupatsa kale, ndi malo ogona omwe.

Mazira apezeka. Ena aswekera pa buku la nyimbo.

Lamulungu

Kutchalitchi sindipita. Nkhope ndikaiika pati? Ndipo chikwama chikununkha.

Kalamu wabwera ndi galimoto. Wavula nsapato, wawerama, wati zikomu. Mwana wa eni, sabata yonse ndamuzenga mlandu mumtima, iye osadziwa. Ndamupatsa tiyi.

Matabwa a Tadala akugundana m'thumba lake, iye akuopa kuti akandika m'njira. Akufunafuna chokulungira, wagwira thaulo, lachepa. Chitenje chili pa hita, chinauma kalekale. Ndachitenga. Ndawakulunga ndekha, onse awiri pamodzi, ndamanga mfundo yanga ija ya pachifuwa, yosamasuka ngakhale mwana apalapate bwanji. Wayang'ana chitenje, wayang'ana ine. Wakoleka thumba kumsana, watsika nalo masitepe.

Chinabereka Esinati, chinabereka Tadala, lero chabereka matabwa. Salira, sakodza. Bola.

Ndatsika nawo mpaka pamsewu, mawondo akutukwana. Pagalimoto Tadala waima. Milomo ikugwedera, ndikuona kuti akufunafuna kanthu m'kamwa. Foni sanaigwire. Wayang'ana kaye amake, kenaka wawerama, wafika kukhutu kwanga, nati chapansipansi:

"Pitani bwino, agogo."

Wopita ndi iye, wotsala ndine. Esinati wamva, watsegula pakamwa. Ndamuponda phazi, mwamphamvu.

Ndati, "Tsala bwino, mkazi mnzanga."

Galimoto yakhota kuseri kwa basi.

Zotsala:
- zovala ndi bafa zibwerera kutchalitchi, ku Croydon kuli mtsikana wina wapakati weniweni
- pauda ndizidzola ndekha
- mpando ndaubweza pamalo pake, pakati pa bedi ndi hita
- matabwa ofiira Esinati akuti tikabweze kwa kaunjika. Ndakana. Ali pansi pa bedi. Sadya kanthu.

Firiji ikulankhula. Hita yatsala yamaliseche.

Akuti abwera kukatentha. Chifuwa changa ndi chisanu cha kuno timadziwana, chaka chilichonse chimandifunsa ngati ndakonzeka. Ndiye mwina mwanayo sanalakwitse Chichewa. Ngati n'choncho, wanditsazika bwino, ndipo wanditsazika m'chinenero changa.